Ndemanga pa ntchito yosamutsira zithunzi, makaseti ndi mabuku akale pa kompyuta ku Limbe

Mumzinda wa Blantyre mwayamba kupezeka makampani ang'onoang'ono a achinyamata amene amalandira zithunzi zakale, makaseti, matepi a vidiyo ndi mabuku a kaundula, n'kuzisamutsira pa kompyuta kuti zisatayike komanso kuti anthu a kutali azitha kuziona. Komiti imene imayang'anira chipinda chosungiramo mbiri ya mpingo wathu, momwe ine ndili mlembi, inapereka ntchito yotere kwa kampani ina ya ku Limbe. Popeza mipingo, sukulu ndi magulu a zachikhalidwe ambiri akulingalira zochita chimodzimodzi, ndaona kuti n'koyenera kufotokoza mwatsatanetsatane zimene tinalandira, zimene zinatikhutiritsa ndi zimene zinaperewera. Dzina la kampaniyo ndalisiya dala, chifukwa mfundo zimene ndikufuna kuti owerenga atolepo zikukhudza aliyense wochita malonda amenewa.

Katundu wathu anali wochepa tikamuyerekeza ndi wa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, imene inatsegulidwa mu 1966, kapena wa laibulale ya Society of Malawi imene ili ku Mandala House, nyumba yomangidwa mu 1882. Tinali ndi maalubamu a zithunzi za maukwati, za kwaya, za amayi a Mvano ndi za tsiku loika mwala wa maziko a tchalitchi. Panalinso zithunzi za abambo amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodiko, zimene mabanja awo anapereka ku mpingo, mabuku a kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati amene inki yake yayamba kusuluka, mabuku a zokambirana za pa misonkhano ya akulu a mpingo, makaseti a kwaya a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndi matepi angapo a VHS. Zonsezi zinkakhala m'kabati yachitsulo ndi m'makatoni, m'chipinda chimene chimagwira chinyezi nthawi ya dzinja, moti nkhungu inali itayamba kumera pa zikuto za mabuku ndipo chiswe chinali chitadya kale pansi pa katoni imodzi. Chimene chinafulumizitsa komiti ndi namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023, amene matope ake anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche. Mabanja ena a mumpingo mwathu, kuwonjezera pa kutaya abale ndi katundu, anatsala opanda chithunzi ngakhale chimodzi cha makolo awo, ndipo ena ankabwera kudzafunsa ngati m'maalubamu a mpingo mungapezeke nkhope ya malemu awo. Tsoka lotere limagwera ngakhale mabungwe akuluakulu, pakuti mu Seputembala 2018 moto unapsereza nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale ya ku Rio de Janeiro ku Brazil, momwe munali zinthu pafupifupi 20 miliyoni, ndipo zambiri mwa izo zinapsa.

Chiyambi cha ntchito chinatipatsa chikhulupiriro. Anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi anabwera kudzaona katunduyo asanatchule mtengo, analemba mndandanda wa chinthu chilichonse, ndipo mbali zonse ziwiri zinasainira mndandandawo. Mtengo anawerengera pa chithunzi chimodzi, kaseti imodzi ndi tsamba limodzi la buku, zimene zinatithandiza kusankha zoyambira malinga ndi ndalama zimene zinali m'thumba la komiti. Mabuku a kaundula anakana kupita nawo ku ofesi kwawo, ponena kuti buku lotere likasowa panjira palibe ndalama imene ingalibwezeretse, choncho anabweretsa makina awo n'kugwirira ntchito m'chipinda chathu chomwecho, mmodzi wa ife ali pomwepo.

Pa zithunzi m'pamene luso lawo linaonekera kwambiri. Chithunzi chilichonse ankayamba kuchisasa fumbi ndi burashi yofewa, atavala magolovesi, ndipo ankachijambula pa sikana kumaso ndi kumbuyo komwe, chifukwa kumbuyo n'kumene kumakhala chidindo cha situdiyo, chaka, kapena mawu amene wina analemba ndi bolopeni potumiza chithunzicho kumudzi. Panali chithunzi china cha kwaya chimene chinamatirira ku galasi la felemu yake chifukwa cha chinyezi, moti kungochikoka pang'ono nkhope za oimba a mzere wa kutsogolo zikanatsalira pa galasipo. Iwo sanayese n'komwe kuchimatula. Anachigoneka pa tebulo, anaika nyali ziwiri chammbali kuti galasi lisanyezimire, anaimika kamera pamwamba, n'kuchijambula chili momwemo, ndipo chithunzi chimene chinatuluka chikuonetsa ngakhale mabatani a malaya a woimbitsa. Zithunzi za papepala anazijambula pa mlingo wa 600 dpi, kutanthauza timadontho 600 pa inchi iliyonse, ndipo chilichonse anachisunga mitundu iwiri: TIFF, imene ndi yolemera koma sitaya kanthu, kuti ikhale yosungidwa, ndi JPEG yopepuka yoti tizitumizirana. Anatichenjezanso kuti chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse chimachepetsedwa, kotero chimene chili m'foni ya munthu tisamachiyese chosungidwa.

Chimodzi chokha pa gawo limeneli sindinagwirizane nacho. Pofuna kutisangalatsa, anatenga zithunzi zingapo zakuda ndi zoyera n'kuzipaka mitundu pogwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta imene imangoganizira mtundu woyenera. Zinkaoneka zokongola, ndipo achinyamata a mumpingo anazikonda, koma yunifolomu ya kwaya inatuluka yobiriwira pamene amene anaivala akunena kuti inali yofiirira, ndipo nkhope ya m'busa wina wakale inasalazidwa mpaka ana ake anakayika ngati ali bambo awo. Chithunzi chotere chikangofala pa intaneti, pakapita zaka chimasanduka umboni wabodza umene palibe amene angautsutse. Ubwino wake, zithunzi zenizeni zosakhudzidwa anali atazisunga padera, ndipo titapempha kuti zopakidwazo zichotsedwe pa mndandanda wa mbiri, anachita popanda kulimbalimba.

Gawo limene ndikuliona kuti ndi lamtengo wapatali kuposa onse ndi limene pa kalata ya mitengo linalembedwa mzere umodzi wokha, lakuti adzatithandiza kulemba mayina a anthu a m'zithunzi. Lamulungu lina mapemphero atatha, anakoloweka nsalu yoyera pa khoma la holo, anabweretsa pulojekita, ndipo ife tinaitana agogo onse amene akanatha kufika, ena tinachita kukawatenga pa galimoto. Chithunzi chimodzi chinkaonetsedwa, mtsikana uja ali pa laputopu, foni yojambulira mawu ili pa tebulo, ndipo mnzake ankaloza munthu mmodzimmodzi ndi kandodo.

"Agogo, nanga awa aima kumapetowa, agwirizira chipewawa, mukuwazindikira?"

"Amenewo ndi atsibweni anga, mwana wanga. Apa n'kuti atangobwera kumene kuchokera ku Joni, jeketeyo anagula komweko. Ulendo wachiwiri sanapitenso, boma linali litatseka njira ndege ija itagwa."

Mawu ochepa amenewa anazindikiritsa munthu wa pa chithunzicho ndi nyengo yake, chifukwa ngozi ya ndege imene agogowo ankanena ndi ya ku Francistown ku Botswana ya mu 1974, imene inapha Amalawi ambiri ochokera ku migodi ndi kuchititsa boma la Kamuzu Banda kuimitsa kulemba anthu ntchito kudzera ku Wenela. Mtsikanayo sanathamangire kulemba chaka ngati chotsimikizika. Analemba zimene zanenedwa, amene wanena ndi tsiku limene wanena, ndipo pamene agogo awiri anasiyana maganizo pa dzina la mayi wina wa Mvano, analemba mayina onse awiri pamodzi ndi eni mawuwo, n'kusiya mpata woti wina adzatsimikize. Khalidwe limeneli ndi la munthu amene akudziwa chimene mbiri ili, ndipo silipezeka kawirikawiri kwa anthu a zamakompyuta, amene ambiri amafuna kuti bokosi lililonse lidzazidwe msanga. Anthu anaseka, ena analira, ndipo agogo ena amene masiku ano salankhulalankhula anaimba ndime yonse ya nyimbo imene kwaya ya m'chithunzi ina inkaikonda, foni ija n'kuijambula. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo tsiku limenelo tinaona kuti zambiri zimene zikusowa m'mabuku mwathu zili m'mitu ya anthu amene zaka zawo zapita.

Ndikutsindika gawo limeneli chifukwa n'limene limasiyanitsa ntchito yosunga mbiri ndi ntchito yongojambula mapepala. Zithunzi zambiri za Nyasaland zimene zili m'malo osungiramo zakale a ku Ulaya zimatchula dzina la mmishonale kapena bwanamkubwa amene wakhala pampando, koma Amalawi amene aima pambali pake alibe mayina, moti ngakhale chithunzicho chitaikidwa pa intaneti, mdzukulu wa munthuyo alibe njira yochifufuzira. Mosiyana ndi zimenezi, Hugh Tracey, amene anajambula nyimbo m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 ndipo anayambitsa International Library of African Music mu 1954, ankalemba dzina la woimba, dera, chilankhulo ndi chida choimbira, ndipo n'chifukwa chake nyimbozo, zimene tsopano zimasungidwa ku Rhodes University ku South Africa, n'zotheka kuzilondola mpaka kudera kumene zinachokera. Sikana imagulidwa m'sitolo, koma agogo amene akudziwa kuti wagwirizira chipewa uja ndi ndani sakhala nafe mpaka kalekale. Aliyense wolemba ntchito kampani yotere ayambe wafunsa ngati gawo limeneli lilipo, ndipo ngati palibe, akonze yekha lisanathe dzinja lina.

Makaseti anayenda bwino. Amene tepi yake inaduka anailumikiza, amene chikho chake chinasweka anasamutsira tepiyo m'chikho china, ndipo nyimbo anazisunga mu WAV yolemera ndi mu MP3 yopepuka potsatira nzeru yomwe ija ya zithunzi. Anali ndi batire ndi inveta, kotero kuzima kwa magetsi sikunadule nyimbo pakati, chinthu chofunika kwambiri pa tepi yofooka imene mwina singapirire kuzunguliridwa kawiri. Matepi a VHS ndiwo sanatuluke bwino. Pa mavidiyo ena mawu akutsogola ndipo milomo ikutsalira, ndipo m'munsi mwa chithunzi muli mizere yonjenjemera imene makina abwinopo akanaichepetsa. Titadandaula anavomera kuti makina awo a VHS ndi otopa, anachotsera mtengo, koma vutolo silinakonzeke, ndipo matepiwo tawasunga kuti tidzayese kwina.

Tsopano ndifike pa nkhani yofikitsa zinthuzi kwa anthu ambiri, imene inali theka la cholinga chathu. Kampaniyo inatikonzera tsamba la pa intaneti lokongola ndithu, lotengera maonekedwe a masamba a mabungwe akuluakulu a kunja. N'zomveka kuti achinyamata amasirira zimenezo, pakuti kumeneko zinthu zapita patali: Google inayamba kuonetsa za m'nyumba zosungiramo zinthu zakale pa intaneti mu 2011, Smithsonian ya ku America inatsegulira anthu zithunzi 2.8 miliyoni kwaulere mu Febuluwale 2020, ndipo British Museum ya ku London inalengeza mu 2023 kuti ijambula ndi kulemba pa kompyuta katundu wake yense, zitadziwika kuti zinthu pafupifupi 2,000 zinabedwa, kusowa kapena kuwonongeka, zina mwa izo zisanalembedwe bwino. Koma masamba amenewo anakonzedwera anthu a intaneti yothamanga ndi yotsika mtengo. Tsamba lathu linkatsegula zithunzi zikuluzikulu zambiri nthawi imodzi, moti mkhristu wa ku Bangwe kapena ku Ndirande amene wagula bandulo ya tsiku limodzi ankaona data ikutha asanafike pa chithunzi cha agogo ake. Mawu onse ofotokozera anali m'Chingerezi, ngakhale kuti agogo aja analankhula m'Chichewa ndipo ena m'Chiyao ndi m'Chilomwe. Titapempha Chichewa, choyamba kubwera chinali chomasuliridwa ndi makina, chokhala ndi ziganizo zimene munthu wa kuno sanganene, ndipo komiti inachita kukhala pansi n'kulembanso mawu onse kuchokera ku zimene zinajambulidwa mu holo muja. Pa mbali imeneyi kampaniyo inaganizira kwambiri za maonekedwe kusiyana ndi za munthu amene adzatsegule tsambalo.

Chimene chafikadi kwa anthu ndi njira yosavuta imene mtsikana uja anatilangiza pambuyo pake. Sabata iliyonse timatumiza chithunzi chimodzi chopepuka pa magulu a WhatsApp a mpingo ndi pa tsamba lathu la Facebook, pamodzi ndi mawu achidule a agogo akufotokoza, ndi funso lakuti ndani akuzindikira ena amene sanatchulidwe. Mayankho akuchokera ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Johannesburg, ku Cape Town ngakhalenso ku Ulaya, ndipo mayina ena amene anasowa mu holo muja apezeka mwa njira imeneyi. Ena atumiza zithunzi zimene zinali m'masutikesi mwawo, zimene mpingo sunkadziwa kuti zilipo. Kwa ine, uku ndiko kufikira anthu ambiri kwenikweni m'dziko ngati lathu, kumene foni ndiyo kompyuta ya anthu ochuluka ndipo ambiri amakonda kumva mawu kusiyana ndi kuwerenga ndime zazitali. M'chipinda cha mbiri anatimatira timapepala ta QR pafupi ndi zithunzi zina, kuti mlendo akaloza ndi foni amve nyimbo ya kwaya imene akuiona, ndipo ana a Sande sukulu ndiwo akuzigwiritsa ntchito kwambiri.

Pali nkhani ina imene inandidetsa nkhawa, ndipo ndikupempha makomiti ena kuti aisamale. Ntchito yojambula mabuku itatha, anyamatawo ankafuna kuika masamba onse pa intaneti, poganiza kuti chilichonse chimene chajambulidwa n'choyenera kuonedwa. Koma m'kaundula wa ubatizo muli mayina a makolo ndi masiku obadwa a anthu amene ali moyo, ndipo m'mabuku a misonkhano ya akulu a mpingo muli milandu ya m'mabanja, mayina a amene anadulidwa ndi zifukwa zake, zinthu zimene zingachititse manyazi ana ndi adzukulu amene sanalakwe kanthu. Tinawaletsa, ndipo tinagwirizana kuti mabuku amenewa akhale pa kompyuta ya mpingo yokha, oonedwa ndi chilolezo cha abusa ndi komiti. Magulu a zachikhalidwe akumana ndi funso lomweli mokulirapo. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, koma zimenezi sizitanthauza kuti za kudambwe zingajambulidwe n'kumwazidwa monga zovinidwa pabwalo, ndipo chimodzimodzi ndi malangizo a kuchinamwali. Amene ayenera kugamula za chimene chituluke ndi eni mwambo, ndipo kampani yabwino iyenera kufunsa funso limeneli isanayatse n'komwe makina. M'kalata ya mgwirizano munalinso ndime yopatsa kampaniyo ufulu wogwiritsa ntchito zithunzi zathu potsatsa malonda ake, imene tinaichotsa tisanasaine. Pa nyimbo za kwaya, tinaona kuti n'chilungamo kupempha kaye chilolezo kwa amene anazipeka kapena kwa mabanja awo tisanazitulutse, popeza nyimbo ili ndi mwini wake ngakhale itaimbidwa m'tchalitchi, ndipo n'chifukwa chake m'dziko muno muli bungwe la COSOMA, loteteza ufulu wa eni nyimbo ndi zolemba.

Kaperekedwe ka ntchito yomalizidwa kanali kofooka poyerekeza ndi kagwiridwe kake. Anatipatsa hard drive imodzi ndi fulashi imodzi, zonse m'envulopu imodzi, ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Zipangizo zimenezi zimafa mosachenjeza, zimabedwa mosavuta, ndipo zikanakhala m'kabati yomwe ija, madzi kapena moto zikanatenga zonse pamodzi ndi mapepala enieniwo. Lamulo lodziwika kwa osunga zakale ndi lakuti pakhale makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo imodzi ikhale kumalo ena, koma zimenezi tinachita kuzitchula ndife. Kusunga pa intaneti pokha nakonso si chitetezo chokwanira, pakuti mu Okutobala 2023 akuba a pa intaneti anathyola makompyuta a British Library, ndipo ntchito zake zambiri zinaima kwa miyezi. Panalinso ndalama ya chaka ndi chaka yolipirira dzina la tsamba ndi malo osungira, imene sinatchulidwe poyamba paja, ndiponso mawu achinsinsi olowera pa tsambalo anali m'manja mwa mnyamata mmodzi wa kampaniyo mpaka titalimbikira kuti aperekedwe kwa anthu awiri a m'komiti. Komabe ndiyamikire kuti katundu yense anabwerera monga mwa mndandanda uja, popanda chosowa, ndipo anatilangiza mwamphamvu kuti tisataye zithunzi ndi makaseti enieniwo poganiza kuti ntchito yawo yatha, koma tizichotse pansi, tizitalikitse ku khoma la chinyezi ndi kuzisunga m'mabokosi ouma.

Kwa mpingo, sukulu kapena banja limene lili ndi zithunzi, makaseti ndi mabuku, ntchito ya kampani imeneyi ndingailimbikitse, makamaka chifukwa cha kusamala kwa manja awo ndi ulemu umene anaonetsa kwa agogo. Amene chuma chawo chachikulu ndi matepi a vidiyo ayambe apempha kuti tepi imodzi iyesedwe n'kuonedwa asanapereke onse. Za tsamba la pa intaneti, ndi bwino kuliyesa pa foni wamba ndi bandulo yaing'ono musanalivomereze, ndi kuonetsetsa kuti mgwirizano ukunena momveka za chilankhulo cha mawu ofotokozera, za mwini zithunzi, za ndalama ya chaka ndi chaka ndi za amene asunge mawu achinsinsi. Ife tagwirizana nawo kuti adzabwerenso m'chilimwe kudzajambula makalata akale amene anatsala, ndipo nthawi ino tsiku lokhala ndi agogo talilemba m'mgwirizano ngati gawo loyamba, lokhala ndi mtengo wake, ndipo tidzapitanso m'makomo mwa amene sangathe kufika ku holo.